Mimba isanaonekere

Pagombe lililonse la nyanja yathu, kuyambira ku Makanjira, kudzera ku Malembo ndi Senga Bay mpaka ku Nkhotakota, alipo mayi amene m'mawa uno wadzuka n'kupeza kuti fungo la nsomba, limene wakula nalo kuyambira ali kumsana, lamuukira. Usipa uli pathandala, utsi wa nsomba zowamba ukulowa pakhomo, iye wazembera kuseri kwa nyumba, wagwira khoma, akulavula malovu osatha. Apongozi aona koma sananene kanthu. Mnansi waona, wamwetulira, wapitiriza kusesa. Mwini wake mukamufunsa akuti ndi malungo chabe. Aliyense akudziwa, ndipo aliyense wavomera kukhala ngati sakudziwa, chifukwa kwathu kuno mimba siitchulidwa isanadzitchule yokha.

Mwambo umenewu uli ndi nzeru zake. Makolo adaona kuti mimba zambiri zochoka zimachoka zikadali zanthete, ndipo adafuna kumupeputsira mkazi mtolo wofotokozera mudzi wonse chisoni chake. Ena amaopa nsanje ndi diso la munthu. Ena amangosunga ulemu, pakuti mimba ndi nkhani ya kuchipinda. Wa mimba yoyamba amadikira kuti akuluakulu ayambe ndiwo, amulange pa litiwo kapena pa chisamba, ndipo kutsogola kulankhula kumaoneka chipongwe. Zimenezi sitikuzinyoza. Chimene chikutidetsa nkhawa n'chakuti chinsinsi chimene makolo adabisira anthu odutsa m'njira ife tikubisiranso namwino.

Kafukufuku wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu wa m'chaka cha 2015-16 adapeza kuti pafupifupi mayi aliyense woyembekezera m'dziko muno amafikako kusikelo, koma mmodzi yekha mwa anayi ndiye amayamba m'miyezi itatu yoyambirira. Enawo amadikira mimba ituluke, kapena mwana ayambe kugunda. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, kuyambira 2016, limalangiza kuti mayi aonane ndi achipatala ka 8 pa mimba imodzi, ndipo ulendo woyamba ukhale masabata 12 asanathe. Kuti timvetse chifukwa chake, tiyenera kudziwa chimene chikuchitika m'thupi pa nthawi imene kunja sikukuoneka kanthu.

Achipatala amawerenga mimba kuyambira tsiku loyamba la msambo womaliza, ngakhale kuti pa tsikulo mimbayo inali isanakhale. Amatero chifukwa ndilo tsiku limene mkazi angathe kulikumbukira. Pamenepa mayi wa Chisilamu ali ndi mwayi woposa ambiri: amadziwa tsiku limene adapumira Swala ndi tsiku limene adadziyeretsa n'kuyambiranso. Tsikulo alisunge, kaya pakalendala ya pakhoma, kaya mufoni, pakuti ndilo funso loyamba la namwino. Kuchokera pamenepo mimba imatenga masabata 40, omwe ndi masiku 280. Kutenga pakati kwenikweni kumachitika patapita pafupifupi masabata awiri. Ndiye kuti mayi akamazindikira kuti mwezi wamudumpha, m'kaundula wa achipatala mimba yakwana kale masabata anayi.

Chiyambi chake n'chaching'ono mochititsa mantha. Dzira la mayi, lochepa kuposa kamchenga ka pagombe, limakumana ndi mbewu ya bambo m'kanjira kopita kuchiberekero. Mwa mbewu mamiliyoni ambiri imodzi yokha ndiyo imalowa, ndipo pa nthawi yomweyo zambiri za munthu wam'tsogoloyo zakhazikika kale, kuphatikizapo ngati adzakhale mwamuna kapena mkazi. Ichi chomalizachi chimachokera ku mbewu ya bambo. Tikuchinena mwadala, popeza tidamvapo amuna akuopseza kuti akatenga mitala poti mkazi akungowaberekera atsikana. Qur'an yolemekezeka, mu Surah An-Nahl, idamudzudzula kalekale bambo amene nkhope imamugwa akamva kuti kwabadwa mtsikana. Achipatala angoonjezerapo kuti pakadakhala mlandu, ukadagwera bamboyo. Koma mlandu palibe. Wopereka ndi Allah.

Dziralo limagawikana, kawiri, kanayi, kasanu ndi katatu, likuyenda pang'onopang'ono, ndipo pakatha pafupifupi sabata limafika m'chiberekero n'kudzikwirira m'khoma lake. Amayi ena pa nthawi imeneyi amaona timadontho tochepa ta magazi n'kuganiza kuti msambo wabwera mopepuka. Likangokhazikika, mbali ina imayamba kusanduka mwana, mbali ina imasanduka nsengwa, chiwalo chija chimadyetsa mwana ndipo chimatuluka pambuyo pake pa tsiku lobereka. Kuchokera pamenepa m'magazi a mayi mumalowa homoni yotchedwa hCG, yomwe kachipangizo koyezera mkodzo kamaipeza mwezi ukangodumpha.

Masabata otsatirawa ndiwo mtima wa nkhani yathu. Patangotha masiku pafupifupi 22 chitengereni pakati, mtima wa mluza umayamba kugunda, mluzawo usanafike ngakhale kukula kwa njere ya mpunga. Pofika tsiku la 28, kanjira kamene kadzakhale ubongo ndi msana kamakhala katatsekeka. Tiime pamenepa, chifukwa tsiku la 28 limagwa pa sabata la 6 la mimba, pamene mayi wangodumpha mwezi ndi masabata awiri okha ndipo mwina akadakayika. Kanjirako kakalephera kutsekeka bwino, mwana amabadwa ndi chotupa kapena bala kumsana, miyendo yofooka, nthawi zina ndi mutu wodzadza madzi. Zikavuta kwambiri ubongo sukhwima ndipo mwana sakhala moyo. Chimene chimachepetsa kwambiri ngozi imeneyi ndi vitamini wotchedwa folic acid, yemwe amapezeka m'mapiritsi a magazi aja amapereka kusikelo, komanso m'masamba obiriwira monga bonongwe, nkhwani, chisoso ndi mpiru, ndi m'nyemba ndi mtedza. Masamba ophikidwa mpaka kufiirira amakhala atataya gawo lalikulu la vitaminiyu. Mayi amene wayamba sikelo pa miyezi isanu adzalandira mapiritsiwo, ndipo adzamuthandiza pa magazi, koma pa nkhani ya msana wa mwana khomo lidatsekeka kale. N'chifukwa chake achipatala amati banja limene likufuna mwana liyambe folic acid mimba isanakhale. Akuluakulu adati m'mera mpoyamba.

Pa sabata la 8 mluza watalika ngati nyemba, sentimita imodzi ndi theka kapena kuposerako pang'ono. Tiziphukira ta manja ndi miyendo tatuluka, maso ayamba kuoneka ngati timadontho takuda, ndipo mtima ukugunda mofulumira pafupifupi kawiri kuposa wa mayi. Pa sabata la 10 zala zapatukana, ndipo ziwalo zikuluzikulu zonse zili m'malo mwake ngakhale zisanakhwime. Pa sabata la 12 mwana watalika masentimita asanu kapena asanu ndi imodzi, ngati kausipa kakang'ono. Impso zayamba kupanga mkodzo, zikhadabo zikumera, ndipo akutakataka m'madzi ake, koma mayi sangamve chifukwa ndi wochepa kwambiri. Ntchito yotsala ya miyezi isanu ndi umodzi makamaka ndi kukula ndi kukhwima. Mamangidwe enieni achitika m'masabata omwe mayi amauza anthu kuti ndi malungo chabe, ndipo m'masabata omwewo ndi mmene mankhwala olakwika, fodya, mowa ndi kutentha thupi kwambiri zimaononga koposa.

Amene tidadutsa pamadrasa tikuwadziwa mawu atatu amene Qur'an imagwiritsa ntchito, mu Surah Al-Hajj ndi mu Surah Al-Mu'minun, potchula masinthidwe a mwana m'mimba: nutfa, alaqa ndi mudgha. Ma ulama adatanthauzira loyamba kuti kadontho, lachiwiri kuti kanthu kamagazi kokakamira, lachitatu kuti kachidutswa ka mnofu konga kotafunidwa. Hadith yotchuka ya Abdullah ibn Mas'ud, yomwe ili mwa Bukhari ndi Muslim, imapatsa gawo lililonse masiku 40, ndipo ma ulama ambiri adamva kuchokera m'menemo kuti mzimu umauziridwa pakatha masiku 120. Sitikufuna kukakamiza kuti tsiku lililonse la m'buku la dokotala lilumikizane ndi tsiku la m'buku la Sheikh, pakuti awiriwa akuyankha mafunso osiyana. Komabe n'zopatsa chidwi kuti masiku 120 chitengereni pakati amafika cha pa sabata la 19, nyengo imene amayi ambiri amamva kugunda koyamba. Ndipo chofunika kwa ife n'chakuti chipembedzo chathu chidapereka maina kwa mwanayo pa masiku amene maso a munthu sangamuone. Liwu la Chiarabu la chiberekero, rahim, limachokera pa muzu umodzi ndi rahma, chifundo. Chimene chili m'menemo ndi amana kuyambira pa kadontho.

Tsopano titembenukire kwa mwini mtolo. Chizindikiro choyamba kwa ambiri ndi kudumpha mwezi, koma ena amayamba kumva mawere akulemera ndi kuwawa, nsonga zake zikuda. Kenako kumabwera kutopa kumene munthu amene sanakhalepo ndi pakati sangakumvetse. Mayi amene amadzuka Fajr isanakwane, kutunga madzi, kupita kugombe kukagula nsomba n'kudzaziyanika, amapezeka akuodzera pamkeka dzuwa lili pamutu. Si ulesi. Homoni ya progesterone, yomwe imasunga mimba kuti isachoke, imabweretsa tulo, ndipo thupi lili pa ntchito yomanga nsengwa ndi kuonjezera magazi, omwe pofika kumapeto kwa mimba amakhala atachuluka ndi pafupifupi theka. Homoni yomweyo imafewetsa mitsempha ya magazi, n'chifukwa chake mayi amachita chizungulire akadzuka mofulumira pa sijida kapena akaima nthawi yaitali padzuwa. Imachedwetsanso matumbo, ndiye kudzimbidwa ndi chilungulira. Impso zikugwira ntchito yochuluka ndipo chiberekero chikutsamira chikhodzodzo, choncho mkodzo umabwera pafupipafupi, usiku womwe. Surah Luqman, ndime 14, imaika kufooka kwa mayi woyembekezera patsogolo pa zifukwa zimene mwana ayenera kuthokozera makolo ake. Kufookako kumayamba mimba isanaoneke.

Nseru ndiyo mfumu ya zizindikiro zonsezi. Imagwira amayi pafupifupi asanu ndi awiri mwa khumi aliwonse. Imayamba cha pa sabata la 6, imafika pachimake cha pa sabata la 9, ndipo kwa ambiri imatha pakati pa sabata la 14 ndi la 16. Sisankha nthawi: ena m'mawa, ena madzulo, ena tsiku lonse. Mphuno imakhala yakuthwa modabwitsa, moti fungo la mafuta okazingira, la sopo, la utsi, ngakhale la thukuta la mwamuna wake limamutembenuza mtima. Kwa mayi wa kunyanja, amene chakudya chake ndi malonda ake ndi nsomba, awa ndi mayeso enieni. Chimene chimathandiza ndi kudya pang'onopang'ono koma pafupipafupi, osalola mimba kukhala yopanda kanthu, kuluma kachinangwa kowotcha kapena kabisiketi asanadzuke pamphasa, kupewa zamafuta, kumwa madzi timakapu tating'ono tsiku lonse, ndiponso tiyi wa jinja, amene ngakhale WHO imamuvomereza. Wina atamuphikira kwa masabata ochepawa, n'kumuchotsa pa ng'anjo yowambira nsomba, angakhale atachita sadaka yaikulu.

Pali zilakolako. Wina amafuna mango osapsa ndi mchere, wina bwemba, wina dothi. Za mango ndi bwemba tisiye amayi asangalale. Za dothi ndi zina: chilakolako chimenechi kawirikawiri chimayenda ndi kuchepa kwa magazi, ndipo dothilo likhoza kubweretsa njoka za m'mimba n'kulepheretsa thupi kuyamwa ayironi. Mayi amene akulakalaka dothi amuuze namwino popanda manyazi, amuyeze magazi. Palinso zakudya zimene miyambo imaletsa popanda chifukwa. Mazira ndi halaal, sachititsa mwana kubadwa wopanda tsitsi, ndipo akaphikidwa bwino ndi chakudya chabwino kwambiri kwa woyembekezera. Usipa ndi matemba, zodyedwa ndi minga yomwe, ndi chuma chimene Allah adatiikira pakhomo. Nseru ikachepa mayi abwerere kwa izo. Tiyi amwe patali ndi nthawi ya nsima, chifukwa amatchinga ayironi wa m'chakudya.

Zonsezi ndi zovuta koma si zoopsa. Vuto la chinsinsi n'lakuti zoopsa nazo zimabisala m'gulu lomweli. Mayi amene akusanza chilichonse, ngakhale madzi, kwa tsiku lathunthu, mkodzo wachepa ndipo wafiira, thupi likutsika, ameneyo sakulimbana ndi nseru wamba. Akufunika madzi a m'dripi. Mayi amene akutaya magazi, ochuluka kapena ochepa osaleka, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Tikudziwa kuti funso loyamba limene limabwera m'mitima ya amayi athu ndi lakuti kodi magazi amenewa akuletsa Swala kapena ayi. Funsolo ndi labwino, ma ulama adalikambirana ndipo masheikh alipo oti ayankhe, koma lingathe kudikira mpaka madzulo. Magaziwo sangadikire.

Choopsa koposa ndi mimba yokhazikika kunja kwa chiberekero, makamaka m'kanjira kaja dzira limadutsamo. Zimachitika pa mimba imodzi kapena ziwiri mwa 100 zilizonse, ndipo matenda opatsirana pogonana amene sadachiritsidwe amaonjezera ngoziyo. Kanjirako n'kopapatiza, mluza ukamakula kamang'ambika, kawirikawiri mwezi wachiwiri usanathe kapena chakumayambiriro kwa wachitatu, ndipo magazi amatayikira m'kati mwa mimba momwe maso saona. Zizindikiro zake ndi ululu wobaya mbali imodzi ya chinena, timagazi takuda, kupweteka pansonga ya phewa, chizungulire ndi kukomoka. Mimba yotere singapulumuke, koma mayi angapulumuke ngati afika msanga pa chipatala chochita opaleshoni, monga zipatala za maboma athu a Mangochi, Salima, Nkhotakota ndi Machinga. Taganizirani mayi amene wakomoka usiku m'mudzi wakutali, m'dzinja msewu utaduka, ndipo m'nyumbamo palibe ngakhale mmodzi amene akudziwa kuti adadumpha mwezi. Achibale adzayamba ndi Panado, kenako madzi a dua, kenako kwa sing'anga. Pachipatala napo adzayamba kufufuza zina. Liwu limodzi lokha, loti ali ndi pakati, likadafupikitsa ulendo wonsewo. Pachifukwa ichi tikuti ngakhale mayi abisire dziko lonse, pakhale munthu mmodzi wogona naye nyumba imodzi kapena yoyandikana amene akudziwa.

Kunyanja kuno tili ndi mdani wina amene sachoka chaka chonse. Malungo amamukonda mayi woyembekezera, makamaka wa mimba yoyamba, chifukwa chitetezo cha thupi chimatsika ndipo tizilombo timakabisala mu nsengwa. Zotsatira zake ndi kuchepa kwa magazi, kupita padera, kapena mwana wobadwa wochepa thupi. Dziko la Malawi lidali loyamba, m'chaka cha 1993, kuyamba kupereka mankhwala a SP, omwe ambiri timawadziwa kuti Fansidar, kwa amayi oyembekezera pofuna kuwateteza. Koma mankhwalawa sayambidwa mimba isanakwane masabata 13. Ndiye kuti m'miyezi itatu yoyambirira chishango cha mayi ndi neti basi, ndipo netiyo amailandira akayamba sikelo. Wochedwa kusikelo wadzimana chitetezo chokhacho chimene chilipo pa nthawi imene mwana ali wanthete koposa. Apa tiyenera kudziuza choona: maneti ambiri amene adaperekedwa kuti aphimbe amayi ali m'madzi kukokera tinsomba, ena atchinga dimba. Bambo amene wachotsa neti pamwamba pa mkazi wake n'kupita nayo kugombe wagulitsa chinthu chodula pa mtengo wa ndiwo za tsiku limodzi.

Ndipo mawu aja akuti ndi malungo chabe ali ndi msampha wawo. Mayi amene wanena zimenezo amagulidwa mankhwala pagolosale, naye amamwa kuti chinsinsi chisaululike. Mankhwala ena wamba, monga makapisozi ena ndi mapiritsi ena opha ululu, sayenera kwa woyembekezera. Zitsamba nazo palibe amene adayeza mlingo wake. Thupi likatentha, mayi ayezedwe magazi, ndipo amuuze wopereka mankhwalayo kuti ali ndi pakati kapena akukayikira. Chimodzimodzi likodzo, lomwe ambiri a ife amene timachapa ndi kusamba m'nyanja tidakula nalo: limachepetsa magazi, limakhudzanso ziwalo zoberekera, ndipo magazi ake a mumkodzo angasokonezedwe ndi magazi a mimba. Namwino ndiye angasiyanitse.

M'zaka zino mwezi wa Ramadhan ukugwa cha mu Febuluwale ndi Malichi, nyengo ya mvula, ya udzudzu, ndiponso imene nkhokwe zambiri zimakhala zitapepuka. Mayi wa mimba yobisika amapezeka pa mphambano. Akamasula, anthu afunsa. Akapitiriza kusala, thupi likukana. Ambiri amasankha kusala kuti asafunsidwe, ndipo uku ndiko kulakwitsa kumene tikufuna kuchenjeza. Chilolezo chakuti woyembekezera amasule ngati akuopera moyo wake kapena wa mwana n'chokhazikika m'ma Hadith a Mtumiki (Swalla Allahu alaihi wasallam), ndipo sichidikira kuti mimba ioneke. M'madhhab a Imam Shafi'i, amene ambiri a ife kunyanja kuno timatsatira, amene wamasula poopera thanzi lake amangobweza masikuwo. Amene wamasula poopera mwana yekha amabweza n'kuperekanso fidya, chakudya cha wosauka pa tsiku lililonse. Madhhab ena amasiyanako pang'ono. Kusanza kosafuna sikumasula swaumu, izi n'zoona, koma mayi amene wasanza kangapo dzuwa lisanafike pamutu alibenso madzi m'thupi oti afike nawo Maghrib. Amene ali ndi mphamvu ndipo achipatala aona kuti magazi ake ali bwino akhoza kusala. Asadumphe dakwi, amwe madzi okwanira usiku, ndipo mapiritsi a magazi awasunthire pambuyo pa iftar m'malo mowasiya. Akamva chizungulire, mutu waukulu kapena mkodzo ukachepa, amasule pomwepo. Swala nayo ili ndi chifundo chake: wolephera kuima amaswali chokhala.

Kwa abambo tili ndi mawu apadera. Mkazi wanu m'masabata amenewa akhoza kulira popanda chifukwa chooneka, kukwiya msanga, kukana ndiwo zimene adaziitanitsa yekha, ngakhale kukusunthirani kutali pamphasa. Musathamangire kwa ankhoswe. Mahomoni ndi kutopa ndizo zikulankhula, ndipo zidzadutsa. Kusamalira mkazi woyembekezera ndi udindo umene Shariah idaika pa inu, ndipo udindowo ukuphatikizapo ndalama ya kabaza yopitira kusikelo pamene mimba sikuoneka. Pa ulendo woyamba achipatala amafuna kuti mupite nonse, chifukwa amayeza HIV ndi chindoko, matenda amene mayi angapatsire mwana m'mimba koma amene ali ndi mankhwala. Chindoko chimachizika ndi jakisoni, ndipo chikapezeka msanga mwana amapulumuka. Mayi akachizidwa yekha bambo osachizidwa, matendawo amabwereranso. Kuyambira 2011 dziko lino limayambitsa ma ARV kwa mayi aliyense woyembekezera amene wapezeka ndi kachilombo, ndipo poyamba msanga mpamene mwana amatetezeka bwino.

Komabe tikudziwa mmene mabanja a kunyanja alili. Amuna ambiri ali ku Joni, ena amatha masabata ali pa ulendo wa usodzi kutali ndi kwawo. M'madera ena muli chizolowezi chakuti mayi wobwera yekha pa ulendo woyamba amabwezedwa kapena amafunsidwa kalata ya amfumu. Cholinga chake chidali chabwino, kukoka abambo, koma chimene chimachitika n'chakuti mayi amangokhala pakhomo kudikira munthu amene abwera pa Eid. Pali ena amene mwamuna adabwera kutchuthi n'kubwerera, ndipo amaopa kuti akatchula mimba msanga achibale a kuchimuna ayamba kuwerenga miyezi ndi zala. Kwa amayi otere, tsiku lolembedwa m'buku la kuchipatala pa sabata la 8 ndi mboni yabwino kuposa kukangana kwa pabwalo. Mafumu, masheikh ndi makomiti a zaumoyo akhale pansi aone kuti lamulo lofuna kuthandiza mayi lisakhale chomutsekera khomo. Bambo amene ali kutali atumize uthenga ndi ndalama, ndipo apemphe mlongo wake kapena mayi ake kuti aperekeze.

Nthawi zina, ngakhale zonse zitachitidwa bwino, mimba imachoka. Pa mimba 100 zodziwika, pakati pa 10 ndi 20 zimathera padera, ndipo zambiri mwa izo m'masabata 12 oyambirira. Chifukwa chofala kwambiri ndi chakuti pa kugawikana koyambirira kuja china chake sichidalongosoke, ndipo mluzawo sukadatha kukula. Sikuti mayi adasenza ndowa, kapena adakhala pamodzi ndi mwamuna wake, kapena mkazi mnzake adamuyang'ana moipa. Tidaonapo mabanja akupasuka ndi abale akudana pa nkhani imene palibe munthu adailakwa. Amayi ambiri amene apita padera kamodzi amadzabereka bwinobwino pambuyo pake. Chofunika pa nthawiyo ndi kupita kuchipatala kuti aone ngati m'chiberekero mwatsala kanthu, popeza zotsalira zimabweretsa kutaya magazi ndi mafinya. Ndipo mayiyo ndi woferedwa, ngakhale palibe maliro amene adalengezedwa pamzikiti. Amene adabisira aliyense amalira yekha, kwinaku akuphika ndi kuchapa ngati palibe chachitika.

Kwa amene mantha ake ndi diso la anthu, chipembedzo chidatipatsa ma dua ndi ma Surah odzitchinjirizira, ndipo palibe amene akukakamizidwa kulengeza mimba pachitsime. Koma tonse tikuikumbukira nkhani ya munthu uja adalangizidwa ndi Mtumiki (Swalla Allahu alaihi wasallam) kuti ayambe wamanga ngamira yake kenako ayedzamire kwa Allah. Namwino ndi mlangizi wa zaumoyo amagwira ntchito pansi pa lamulo losunga chinsinsi cha wodwala. Mayi amene sakufuna kuonedwa pa mzere wa sikelo akhoza kufika ngati wodwala wina aliyense n'kunong'oneza namwino m'chipinda.

Ulendo woyambawo si wautali. Adzafunsa tsiku la msambo womaliza ndi mbiri ya mimba zam'mbuyo, adzayeza mkodzo ngati pali kukayika, adzayeza kulemera kwa thupi, kuthamanga kwa magazi ndi kuchuluka kwake, HIV ndi chindoko. Adzapereka mapiritsi a magazi, neti, ndi katemera wa kafumbata kwa amene akufunika, ndipo komwe kuli makina ounikira adzaona ngati mimba yakhala pamalo pake ndiponso ngati mwana ndi mmodzi kapena ndi mapasa. Pomaliza adzalemba m'buku tsiku loyembekezera kuchira ndi tsiku lobweranso, lomwe mimba ikakwana masabata 13 lidzakhalanso loyambira SP.